Liwu loti "mankhwala" lisamayende lokha pa mutu wa nkhani

A Mkonzi,

Ndinali mphunzitsi wa Chichewa ku pulayimale kuno ku Ntcheu, ndipo pempho langa likupita kwa inu amene mumalemba mitu ya nkhani.

Polankhula timathandizidwa ndi kukweza ndi kutsitsa mawu. Mtengo wa mango ndi mtengo wa feteleza sizimveka chimodzimodzi m'khutu, monganso khungu la pathupi ndi khungu la maso. Koma kalembedwe kathu sikaonetsa kamvekedwe kameneka, choncho wowerenga amadalira mawu oyandikana nalo liwulo. Ana a Sitandade 8 ndinkawalembera pa bolodi kuti "nyani wakwera mtengo", pansi pake "shuga wakwera mtengo". Ankaseka, koma palibe ankasokonezeka, poti shuga alibe miyendo. Mtengo ukaphuka kapena kudulidwa ndi wakutchire, ukatsitsidwa ndi wapamsika. Nanga "mtengo wagwa"? Apo mneni sathandiza, yonse iwiri imagwa. Uyenera kufika pa chiganizo chotsatira.

Za mtengozi n'zosekera chabe. Limene limandidetsa nkhawa ndi "mankhwala", ndipo ili ngakhale pakamwa limamveka chimodzimodzi. LA wa malungo ndi mankhwala. Akiteliki wothira m'chimanga ndi mankhwala. Ophera makoswe, opopera thonje, mizu ya kwa sing'anga, ngakhale zokwirira pakhomo potsirika nyumba, zonsezo dzina ndi lomwelo.

Tsono tinene kuti mutu wati "Mwana wagonekedwa m'chipatala atamwa mankhwala". Wogula nyuzipepala awerenga m'munsimo, napeza kuti mwanayo adatola botolo la mankhwala a makoswe kuseri kwa nkhokwe. Koma ambiri masiku ano amangoona mutu wokha, wina ataujambula n'kuuponya pa WhatsApp, nkhani yake yatsala m'mbuyo. Chiganizo chotsatira chija palibe. Mayi amene dzulo lomwe walandira mankhwala a mwana wake kuchipatala, tanthauzo limene limufikire msanga ndi la botolo lili m'nyumba mwakelo, ndipo angathe kuleka kum'mwetsa matenda asanathe.

Ndikudziwa kuti malo a mutu ndi ochepa, ndipo mumawerengera chilembo chilichonse. Komabe "a makoswe" ndi mawu awiri okha. Malo akachepa, chotsani "m'chipatala", pakuti "wagonekedwa" yanena kale kumene mwanayo ali.

Mphunzitsi wopuma ntchito,
Ntcheu