Uyambe Wayesa pa Fulashi

Chinamwali, Zomba

Wokondedwa mwana wanga,

Kuno tadzuka bwino, kungoti mphepo yotsika m'phiri yawapatsa amako chifuwa. Ndati ndikulembere za nkhani imene unaiyamba Lamlungu tikudya, yoti ukufuna kuchotsa Windows pa laputopu yako ya magemu n'kuikapo Linux, sisitimu ina yoyendetsera kompyuta. Sindinakuyankhe bwino chifukwa a mpingo aja anatipeza tisanasambe m'manja.

Chifukwa chako ndachimva. Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo makina osalandira zotseka mipata ya mavayirasi ali ngati nyumba ya zenera losweka. Koma kodi unayang'ana ngati laputopuyo ingalandire Windows 11? Imafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0, ndipo kumbali ya Intel imafuna purosesa ya m'badwo wa 8 kapena yatsopano kuposa pamenepo. Ngati yako ili nazo, vuto la chitetezo latha popanda kusamuka.

Linux sindidana nayo. Pa zaka zanga zophunzitsa kompyuta ku sekondale, ndiyo inkadzutsa makina okalamba amene ena anali atawataya kale. Ndi yaulere, ndipo Linus Torvalds atayiyamba mu 1991 palibe ankaiganizira za magemu. Lero zinasintha: mu 2018 kampani ya Valve inatulutsa Proton, imene imachititsa kuti magemu ambiri a Windows a pa Steam, sitolo yawo ya magemu ya pa intaneti, aziyenda pa Linux, ndipo Steam Deck yawo ya 2022, makina a m'manja osewerera magemu, imayendera Linux yomweyo.

Koma iwe susewera "magemu ambiri". Umasewera mpira wa EA Sports FC ndi anzako a ku Matawale mpaka tambala woyamba, ndipo mlongo wako akuti Fortnite ndi Valorant zilinso momwemo. Atatu onsewa ali ndi mapulogalamu olondera anthu obera pamasewera, ndipo alonda amenewa salola Linux. Ungaike zonse mwadongosolo, makina n'kumathamanga ngati mphepo, koma Loweruka anzako akakuitana iwe n'kungokhala wowonerera. Chikomekome cha mkuyu, mwanawe. Tenga pepala, lemba magemu amene umawatsegula mlungu uliwonse, n'kuwafufuza mmodzimmodzi pa ProtonDB, tsamba la pa intaneti pamene osewera amalembapo zoyenda ndi zokanika.

China, laputopu za magemu zambiri zimakhala ndi makhadi awiri a zithunzi, yaing'ono yosunga batire ndi yaikulu ya Nvidia. Pa Linux, ya Nvidia imafuna kuti uike madirayiva ake, mapulogalamu oiyendetsa, ndipo kapulogalamu ka kampani kowongolera mafani ndi magetsi a kiyibodi kawirikawiri kamapangidwira Windows yokha. Makina otentha m'mwezi wa Novembala kuno, fani isakumvera, si nkhani yoseka.

Ndipo usaiwale kuti laputopu yomweyo ndiyo imakudyetsa. Ana a ku Chanco amene umawakonzera mapepala awo amabwera ndi mafayilo a Word. LibreOffice, pulogalamu yolembera imene ungagwiritse ntchito pa Linux, imawatsegula, inde, koma nthawi zina matebulo amasuntha, ndipo mwana wa eni amene akupereka pepala mawa m'mawa samva zoti "ndasintha sisitimu". Photoshop nayo ilibe ya Linux.

Ine ndikadakhala iwe ndikadachita chonchi. Gula fulashi ya 8GB, ikamo Linux Mint kapena Ubuntu (mitundu ya Linux), uyatse makina kuchokera pa fulashipo osakhudza chilichonse cha m'kati. Uone ngati Wi-Fi, mawu ndi kamera zikugwira. Ikakusangalatsa, gawa disiki kuti zonse ziwiri zikhalemo, uzisankha poyatsa. Koma usanagawe, koperatu mafayilo ako onse kwina, ndipo batire ikhale yodzaza. Ine ndinagawapo disiki ya kompyuta ya pa desiki magetsi n'kuthima ndili pakati. Malikisi a Folomu 3 a teremu yonse ndinawalembanso ndi manja usiku uwiri. Amako amaikumbukabe nkhope yanga ya tsiku limenelo.

Magemu ako usawafufute msanga. Ena amapitirira 50GB, ndipo kuwatsitsanso ndi bandulo yogula wekha ukulira.

Ukabwera kumapeto kwa mwezi ubwere nayo laputopuyo pamodzi ndi fulashi, tidzayesere limodzi pakhonde. Amako akuti uwagulireko uchi ndi mandimu pamsika.

Ndine bambo ako.