Tiyeze nthaka tisanawonjezere feteleza

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko ndi alimi anzanga amene chaka ndi chaka akuwonjezera matumba a feteleza koma zokolola osasuntha. Ambiri timangoti nthaka yaguga, nkhani n'kuthera pomwepo, osafufuza chimene chaigugitsa.

Nthawi zambiri vuto limakhala asidi, amene ndi maso saoneka. Amayezedwa pa muyeso wa pH, woyambira 0 kulekeza 14, ndipo nambala ikamatsika ndiye kuti asidi akuchuluka. Mbewu zambiri zimakondwa pH ikakhala pakati pa 6 ndi 7. Ikatsika kupitirira 5.5, aluminiyamu amasungunuka m'dothi n'kumapha nsonga za mizu, ndipo fosifolasi, chakudya cha mbewu chopezeka m'feteleza, amene tamugula ndi thukuta lathu amamangika, mbewu osamupeza. Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti feteleza wa yuriya ndi wa ammonium sulphate, tikamamuthira zaka zambiri popanda laimu (ufa wochepetsa asidi m'dothi), amawonjezera asidi yemweyo. Mlimi amaona chimanga chofwifwa, amathamangira thumba lina, vuto n'kumakulirakulira.

Kutenga dothi lokayezetsa si ntchito yovuta. Ine ndimangofuna khasu ndi ndowa yapulasitiki yotsuka bwino. Ndimayenda mokhotakhota m'munda, n'kumatapa dothi lakuya masentimita 20 m'malo 15 kapena 20. Ndikalisakaniza ndimaliyanika pamthunzi, kenako theka la kilogalamu limapita ku labotale. Pachulu, pamene panali khola ndi pamene tinawotcherapo zinyalala ndimapalambalala, chifukwa dothi la pamenepo limanamiza zotsatira. Mbali yamchenga ndi ya makande sindiziphatikiza. Mchenga umataya michere msanga mvula ikagwa, ndipo umafuna laimu wochepa kusiyana ndi makande.

Mapu a nthaka ndimawayamikira. A SoilGrids, opangidwa ndi ISRIC, bungwe lofufuza za nthaka, amaonetsa dziko lonse lapansi m'timagawo ta mamita 250 mbali iliyonse, ndipo amathandiza okonza ndondomeko za ulimi. Komabe kagawo kamodzi kotere n'koposa mahekitala 6. M'menemo mungakhale munda wa amene amakwirira mapesi ndi wa mnzake amene amawawotcha, mapu n'kuwapatsa nambala imodzi, choncho kuyezetsa dothi la munda wako kumafunikabe.

Pempho langa kwa alangizi ndi a m'malabotale n'lakuti pepala la zotsatira lisamangobwera ndi manambala okhaokha. Tiuzeni momveka kuti pa hekitala pakufunika laimu wochuluka bwanji, ndipo lifike msanga, popeza laimu amafunika kulowa m'dothi miyezi 2 kapena 3 tisanadzale.

Mlimi wokhudzidwa