Kalata yopita ku Manchester: za ofufuza ndi okonza ndondomeko za boma

Blantyre

Okondedwa anzanga a Nabanda,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi banja lonse kumeneko, ife kuno tili bwino. M'kalata yanu munafunsa ngati kafukufuku amene amachitika pachipatala cha Gulupu amasinthadi kanthu ku Capital Hill, kumene kuli maunduna a boma ku Lilongwe, kapena amangothera m'mabuku a kunja. Kuona kwanga n'kwakuti pa nkhani za matenda ofufuza ndi akuluakulu a boma amamvana ndithu, koma pa nkhani za ntchito, zimene kawirikawiri ndizo zimalepheretsa munthu kupita kuchipatala, kumvanako sikunayambe kwenikweni.

Mukukumbukira kuti mu 1993 dziko lathu linali loyamba mu Africa kusiya kolokwini n'kuika Fansida kukhala mankhwala oyambirira a malungo, chifukwa panali umboni wokwanira wakuti ana ambiri sankachiranso ndi kolokwini. Mu 2007 Fansida nayenso analowedwa m'malo ndi LA. Chimene chimandichititsa chidwi n'chakuti kafukufuku wa ku Ndirande, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2006, anasonyeza kuti kolokwini wayambanso kugwira ntchito, koma Unduna wa Zaumoyo sunathamangire kumubwezeretsa, pakuti m'maiko oyandikana nafe tizilombo tosamva mankhwalawo tinali tidakalipo. Ofufuza ananena zoona, ndipo nawonso a boma anachita bwino kusawatsatira pomwepo. Katemera wa tayifodi anayenda njira yowongoka: mu 2018 anayesedwa pa ana oposa 28,000 a ku Ndirande ndi ku Zingwangwa, ndipo mu 2023 anaperekedwa m'dziko lonse.

Nthawi zina nzeru imachokera ku unduna, ofufuza n'kumatsatira pambuyo. Mu 2011 Malawi anayamba kupereka ma ARV kwa moyo wonse kwa mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene wapezeka ndi HIV, osadikira kuyeza chitetezo cha m'thupi, chifukwa akuluakulu a unduna ankadziwa kuti m'zipatala zambiri za kumudzi munalibe makina oyezera. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO linadzavomereza njirayi pambuyo pake. Zonsezi zimatheka chifukwa anthu ake ndi omwewo: dokotala amene amaona odwala m'mawa ku Gulupu ndi yemweyo amene amaphunzitsa kusukulu ya ukachenjede ya zaumoyo ya KUHeS, imene kale tinkati College of Medicine, ndipo ndi yemweyonso amene amaitanidwa ku Lilongwe ku makomiti a unduna. Funso lofufuza limabadwira m'wodi, choncho yankho lake limapeza anthu akulidikira kale.

Ku mbali ya ntchito zinthu sizili choncho. Kafukufuku wa mu 2013 wa ofesi ya boma yoona za chiwerengero ya ku Zomba anapeza kuti anthu 89 mwa 100 alionse ogwira ntchito m'dziko muno ali pa ntchito zosalembedwa mwalamulo. Lamulo la za ntchito la mu 2000 limapereka tchuthi cholipidwa kwa wodwala, ndiponso masabata asanu ndi atatu kwa mayi amene wabereka, koma mawu amenewa safika kwa wa kabaza wa ku Bangwe, kwa mayi wogulitsa tomato mumsika wa Limbe, kapena kwa mnyamata woyenda m'maganyu. Kwa iwowa tsiku la pamzere kuchipatala ndi tsiku logona ndi njala. Mankhwala a TB ndi aulere, inde, koma amamwedwa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo palibe amene amabwezera munthuyo ndalama za masiku amene sanagwire ntchito. Ofufuza a zaumoyo amazidziwa zimenezi. Ngakhale njira yodziyeza wekha HIV, imene inayesedwa m'makomboni a kuno ku Blantyre bungwe la WHO lisanaivomereze mu 2016, inathandiza kwambiri abambo amene sakanasiya ntchito kuti akaime pamzere. Koma zotsatira zoterezi zimakathera ku Unduna wa Zaumoyo, pamene amene ali ndi mphamvu pa malamulo a ntchito ali ku unduna wina.

Nkhani ya anamwino mukuidziwa bwino kuposa ine, pakuti inakukhudzani. Pamene anzanu ambiri ankapita ku Britain, ziwerengero za kuchepa kwa ogwira ntchito m'zipatala zinachititsa boma ndi mabungwe othandiza kuyambitsa ndondomeko yapadera mu 2004, imene inawonjezera malipiro a ogwira ntchito zaumoyo ndi 52 peresenti ndi kuchulukitsa ophunzira m'masukulu a zachipatala. Apo umboni unamvedwa. Lero vuto latembenuka: anamwino amamaliza maphunziro n'kukhala pakhomo kudikira kulembedwa ntchito pamene mawodi alibe anthu okwanira, chifukwa malire a ndalama za malipiro amaikidwa ndi Unduna wa Zachuma, umene sukhala nawo pamene ofufuza akufotokoza zimene apeza.

N'chifukwa chake pa kafukufuku amene mukuganiza zodzachita kuno, wa odwala TB amene amasiya mankhwala panjira, ndikukulangizani kuti musadikire kudzaitana akuluakulu pa tsiku lotulutsa lipoti mu hotela. Musanalembe n'komwe mafunso, mukaonane ndi a ofesi ya zantchito ya boma, a bungwe la ogwira ntchito la MCTU ndi a bungwe la olemba anthu ntchito la ECAM, komanso atsogoleri a akabaza ndi a mavenda, muwafunse chimene akufuna kudziwa ndiponso chimene angathe kusintha akachidziwa. Mundiuze mwezi umene mudzafike kuti ndiyambe kufunsa za masiku okumana nawo.

Mupereke moni kwa abambo a kunyumba ndi ana.

Ine mnzanu,
Naphiri