Kalata yochokera ku Joni

Amake Tadala,

Ndili bwino, chifuwa chija chinatha. Moni kwa amayi ndi ana.

Talandira Lachisanu, ndipo ndatumiza R2,500 pa Mukuru. Imeneyo ndi ya feteleza ndi nsalu za chinkhoswe cha Tadala, musaikhudze pa china. Koma ndifunse: R1,800 ya mwezi watha ili kuti? Ndamva kuti munapereka kwa achimwene anu, ati akalipire tenti ndi zokuzira mawu. Tenti yanji tsiku lisanadziwike? Andionetse lisiti.

Lamlungu tinaonera filimu yakale kuchipinda kwa anzathu, Father of the Bride, ya 1991. Steve Martin ndiye bambo, mwini fakitale ya nsapato ku California. Mwana wake wamkazi wa zaka 22 wabwera kuchokera ku Rome n'kunena patebulo kuti wapeza banja, bamboyo akumuonabe ngati kamwana ka sitandade 1. Kenako amva mtengo wa phwando, madola 250 mlendo mmodzi! Mutu unazungulira. Atalowa m'shopu anayamba kung'amba mapaketi a mabanzi, ati soseji zimakhala 8, nanga mabanzi 12 alipirirenji. Anamutsekera, mkazi wake n'kukamutulutsa. Anzanga anafa nako kuseka, onse zala kuloza ine. Ndinawauza kuti munthuyo sanalakwe, ankangowerengera thukuta lake.

Mbuzi ziwiri zija asagulitse munthu. Komanso ankhoswe apite kwawo kwa mnyamatayo akaone okha. Zoti ali ndi njinga yamoto ya kabaza ndazimva kokwanira. Ndi yake kapena ya bwana?

Pamene sindinaseke ndi kumapeto. Tsiku la ukwati bamboyo anatanganidwa ndi alendo mpaka mwana ananyamuka osatsanzikana naye, anachita kuimba foni ali pabwalo la ndege. Ine ndinangotuluka panja. Tadala ndinamusiya akulephera kusenza ndowa, lero mukuti akukwatiwa, ndipo tchuthi abwana sanandiyankhe. Mwina nanenso zanga zidzathera pafoni.

Muwauze alamu kuti ndalamayo ibwere m'manja mwanu mwezi usanathe, apo ayi ya Novembala sinditumiza. Tadala andiimbire yekha Loweruka madzulo, osati kudzera mwa inu. Mayunitsi ake okhawo ndiwo muchotse pa R2,500 yomweyo.

Ndine mwamuna wanu,
Bambo ake Tadala