Kalata yotseguka kwa Nduna ya Zaumoyo: wofuna kusiya mowa auzidwe khomo logogoda

Olemekezeka a Nduna,

Munthu akanena kuti mowa wamukwana, mtima umenewo suchedwa kuzizira. Lero wagwetsa misozi pamaso pa namwino, mkuja ludzu labwerera. Tikukulemberani za masiku awiri atatu amenewa, chifukwa nthawi zambiri chimene amatuluka nacho m'chipatala ndi mawu akuti "muchepetseko" basi. Mufunseni namwinoyo kumene osiya mowa amakumana, tsiku liti, ola lanji, mudzamuona akukanda m'mutu.

Magulu otere si achilendo. Alcoholics Anonymous, kapena kuti AA, inayamba mu 1935 ku Akron m'dziko la America, Bill Wilson ndi Dr Bob Smith ataona kuti chidakwa chimamvera msanga mnzake amene anadutsa momwemo. Kulowa n'kwaulere, ndipo chofunika n'chimodzi chokha: kufuna kusiya kumwa. Amene sagwirizana ndi masitepe 12 a AA, mfundo zimene mamembala amatsata posiya mowa, poti amatchula mphamvu yoposa munthu, ali ndi SMART Recovery ya mu 1994, yophunzitsa njira zolimbana ndi chilakolako. Achibale otopa ndi uchidakwa wa m'nyumba ali ndi Al-Anon. Mu 2020 bungwe la Cochrane, loona za kafukufuku wa zaumoyo, litaunika kafukufuku 27, linapeza kuti amene achipatala anawalondolera ku AA mwadongosolo ankatha kukhala osalawa n'komwe kuposa olandira uphungu wa mitundu ina.

Pempho lathu loyamba ndi mndandanda. Chipatala chilichonse chikhale ndi pepala limodzi losonyeza malo, chipinda chenicheni, tsiku, ola, chilankhulo, ndi nambala ya foni ya membala mmodzi amene wavomera, wolembedwa dzina loyamba lokha. Lisonyezenso ngati msonkhanowo ndi wotseguka, umene wachibale angalowe nawo, kapena wotseka, wa okhawo ofuna kusiya. Ngati ulipo wa amayi okhaokha. Komanso ya pa Zoom kwa okhala kutali. Kulemba mndandanda n'kosavuta, chovuta n'kuusamala. Magulu amasamuka, ena amatha, manambala amasintha. Munthu amene wadzikoka ndi manyazi ake n'kukapeza chitseko chokhoma sabweranso kachiwiri. Wogwira ntchito mmodzi apatsidwe udindo woimba nambala iliyonse miyezi itatu iliyonse, n'kulemba pansi pa pepalalo tsiku limene watsimikiza.

Koma pepala lokha limathera m'thumba la buluku. Namwino aimbe foni wodwalayo akadali pampando, ngati walola, amupatse alankhule yekha ndi membalayo, apangane kukumana pakhomo patatsala mphindi 10 kuti msonkhano uyambe. Zonsezi sizidya mphindi zisanu. Amuuziretu kuti tsiku loyamba palibe womukakamiza kulankhula, ndiponso kuti asaweruze ndi msonkhano umodzi. Ayese isanu kapena isanu ndi umodzi, m'magulu osiyana ngati alipo, poti gulu lililonse lili ndi mpweya wake. Akabweranso ku chipatala, funso loti "munapita?" lifunsidwe ngati mmene amayezera BP.

Pali chenjezo limene ogwira ntchito anu asaliphonye. Gulu si chipatala. Amene wakhala akumwa kwambiri tsiku ndi tsiku, makamaka wodzuka akunjenjemera manja mpaka atalawa, akasiya mwadzidzidzi akhoza kufa. Kutuluka thukuta, nseru ndi kunjenjemera zimayamba pakati pa maola 6 ndi 24 chimwere komaliza. Kugwa ngati wakhunyu kumabwera m'masiku awiri oyamba, ndipo pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu ena amasokonezeka mutu, kuona zilubwelubwe, mtima ukuthamanga. Wotere ayambe waonedwa ndi dokotala, alandire diazepam, mankhwala okhazika thupi pansi, woyezedwa bwino ndi thiamine, yemwe ndi vitamini B1, ndiye apite ku gulu. Mafunso 10 a AUDIT ochokera ku WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, amathandiza kuzindikira womwa mowononga. Akapeza mapointi 8 kapena kuposerapo, nkhani iyambike pomwepo. Ndipo wodwala adziwe kuti za mankhwala ake amva kwa dokotala, ngakhale mnzake wa m'gulu atamuuza kuti awasiye.

Chotsiriza tikuchinena mwaulemu, Bwana: boma lithandize magulu awa, koma lisawatenge. A AA salandira ndalama zochokera kunja kwa gulu, ndipo sasunga kaundula wa mayina. Mukadzafuna mayina a obwera kuti alowe mu lipoti, kapena mkulu wa chipatala akadzakhala pakona pa msonkhano wotseka "kungomvetsera", sabata yotsatira mudzapeza mipando yokhayokha. Chimene akusowa ndi chipinda chokhala ndi chitseko, chotalikirako ndi mabenchi odikirira, chopezeka madzulo anthu ataweruka, tsiku lomwelo sabata iliyonse. Akafuna kulipirako kangachepe kuchokera m'zopereka zawo, musawakanize; ndi mwambo wawo wodzidalira. Kumene kulibe gulu, mamembala awiri okhazikika atha kuyambitsa, bola chipindacho chipezeke ndipo mlonda auzidwe kuti azitsegula osafunsa anthu mayina.

Ndife anu,
Anamwino ndi aphungu othandiza anthu olimbana ndi uchidakwa