Makromozomu otembenuka komanso chiyambi cha mitundu yatsopano ya zamoyo

Mnzanga wokondedwa,

Ndikhulupirira kuti muli bwino kumeneko. Munandifunsa ngati kusintha kwa kayalidwe ka makromozomu (timaulusi ta m'maselo timene timanyamula malangizo a chibadwa) kungagawedi mtundu umodzi wa zamoyo pawiri, ndipo munatchula nyulu, imene imalandira makromozomu 32 kwa kavalo ndi 31 kwa bulu, n'kukhala yosabereka. Chitsanzocho n'choona, koma ine ndimaona kuti nkhani yaikulu yagona pena.

Nthawi zina kachigawo ka kromozomu kamaduka n'kulumikizikanso katatembenuka, chinthu chimene wasayansi Alfred Sturtevant anachizindikira mu 1921 pofufuza tintchentche ta Drosophila. Pamene thupi likupanga mazira kapena umuna, makromozomu ochokera kwa mayi ndi ochokera kwa bambo amasinthana zidutswa, koma ngati imodzi ili ndi kachigawo kotembenuka pamene inzake ilibe, kusinthana kwa pamalo amenewo sikutulutsa mbewu yamoyo kawirikawiri. Choncho majini a m'kachigawoko, omwe ndi malangizo a chibadwa, amapita kwa ana ali pamodzi, ngati nkhuni zomangidwa mtolo umodzi.

Phindu lake limaoneka pamene malo awiri osiyana ayandikana. Zamoyo zochokera kwina zimabwera ndi majini osayenerera malo atsopanowo, ndipo zikakwerana ndi za pamalopo zimamwaza majini amene ankathandizana. Mark Kirkpatrick ndi Nick Barton anaonetsa mu 2006 kuti kachigawo kotembenuka kakangotsekera majini awiri kapena angapo oyenerera malo amodzi, kakhoza kufalikira pa chifukwa chimenechi chokha.

Udzudzu wa Anopheles gambiae, wofalitsa malungo, uli ndi kachigawo kotere kotchedwa 2La. Mario Coluzzi ndi anzake anapeza kumadzulo kwa Africa kuti kamachuluka m'madera ouma kusiyana ndi m'nkhalango za chinyezi. Komabe chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi duwa la Mimulus guttatus la kumadzulo kwa North America. La m'mbali mwa nyanja limakhala zaka zingapo ndipo limachedwa kuchita maluwa, pamene la kumtunda limafulumira kuti libereke nthaka isanaume, kenaka n'kufa. Mu 2010 David Lowry ndi John Willis anaonetsa kuti kachigawo kamodzi kotembenuka kali ndi gawo lalikulu pa kusiyanaku. Popeza maluwa awo satuluka nthawi imodzi, mungu sudutsa kwenikweni pakati pa magulu awiriwo, ndipo kusintha kumene kunathandiza chomeracho kuzolowera malo ake ndi komweko kumene kukuchilekanitsa ndi chinzake.

Musaganize kuti kutembenuka kulikonse kumathera pa mtundu watsopano. Udzudzu wokhala ndi 2La umakweranabe ndi umene ulibe n'kubereka ana abwinobwino, ndipo maonekedwe onse awiri a kromozomuyo akupezekabe mumtundu umodzi womwewo.

Mundilembere maganizo anu pa za duwa lija.

Ine mnzanu.