Bwezerani basi ya ana a sukulu za magnet

A Mkonzi,

Ndipatseniko kampata ndilankhule zimene zandipsetsa mtima. Ndikudziwa kuti Amalawi ambiri amene tili kuno ku America timawerenga nkhani zanu, ndipo ena mwa iwo kalata yonga imene ndalandira ineyi ailandiranso.

Bodi yoyang'anira sukulu m'dera lathu lino yatilembera kuti kuyambira teremu ikubwerayi, basi sizidzanyamulanso ana ophunzira m'sukulu za magnet (sukulu za boma za maphunziro apadera, zolandira ana ochokera m'madera osiyanasiyana) zimene zili kutali ndi kwawo. Akuti madalaivala asowa, akuti ndalama zachepa. Uthengawo unabwera pa imelo Lachisanu madzulo, maofesi onse atatseka kale, moti panalibe woti n'kumuimbira foni. Kumsonkhano wa makolo anatikhazika pa timipando ta ana m'holo yodyera, ndipo bambo wina wa ku bodiko anaima ndi maikolofoni n'kutiuza, mosachita n'komwe manyazi, kuti popeza sukuluyo tinasankha tokha, za mayendedwe n'zathunso. Mayi wina wa ku Guatemala amene anakhala pafupi nane anandikodola kundifunsa kuti akuti bwanji, chifukwa womasulira panalibe. Nditamuuza anangoti zii, n'kupinda kapepala kake ka mafunso osafunsa ngakhale limodzi.

Mwana wanga wamkazi ali giredi 6 pasukulu ya magnet ya sayansi ndi masamu, kutsidya lina la mzinda. Malowo anawapeza pa maere. Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba usiku, ndipo belu la kusukulu limalira ndisanavule n'komwe yunifomu. Galimoto tili nayo imodzi, bambo ake amalawirira nayo kuntchito kusanache. Basi za mumzinda zilipo, inde, koma mwanayo ayenera kutsika n'kukweranso ina pakati pa tawuni, mumdima, m'nyengo ya chisanu chothetsa nzeru chija. Ndani mwa akuluakulu a bodiwo angamulole mwana wake wa msinkhu umenewu kuima yekha pasiteji nthawi imeneyo? Andiyankhe. Kumeneku n'kuitanira munthu ku ukwati kutsidya kwa mtsinje, bwato n'kubisa.

Chimene chandiwawa kwambiri n'choti bamboyo amalankhula ngati basiyi ndi chifundo chimene ankangotichitira. Ayi ndithu. Akanawerengako mbiri ya ntchito imene amalandirira malipiro akanadziwa kuti sukulu za magnet zinabadwira pa nkhani ya basi yomweyi. Mu 1954 Khoti Lalikulu la dziko lino linagamula mlandu wa Brown v. Board of Education kuti kupatula ana akuda ndi azungu m'sukulu n'kuphwanya malamulo aakulu a dziko. Madera ambiri anangogontha. Mu 1971, pa mlandu wa Swann wa ku Charlotte, khoti lomwelo linalola kuti ana azinyamulidwa pa basi kupita kusukulu za madera ena pofuna kuthetsa tsankho. Aliyense akudziwa zimene zinachitika ku Boston mu 1974 woweruza W. Arthur Garrity atalamula zimenezi: anthu akuluakulu, makolo ngati ine ndi inu, kugenda basi muli ana. Chaka chomwecho, pa mlandu wa Milliken wa ku Detroit, khoti linakana kuti madera ozungulira mzinda, kumene azungu ambiri anali atasamukira, akakamizidwe kulowa m'ndondomekoyi. Apa mpamene nzeru ya magnet inakula. Anati tisakakamize munthu, timange sukulu zabwino za sayansi, za luso, za zilankhulo, kuti makolo a mitundu yonse aziithamangira okha. Imene ambiri amaitchula kuti yoyamba ndi McCarver ya ku Tacoma, mu 1968, ndipo mu 1984 boma lalikulu linakhazikitsa thumba la ndalama lothandizira sukulu zimenezi, cholinga chake chitalembedwa poyera kuti n'kuchepetsa kusankhana mitundu. Tsono ngati sukulu inamangidwa kuti ana a mbali zosiyana za mzinda akumane m'kalasi imodzi, amene alibe galimoto akafikako bwanji?

Nkhani yoti "mwasankha nokha" si yachilendo m'dziko muno, ndipo khoti linaiona kale. Ku New Kent County, ku Virginia, kunali sukulu ziwiri, ina ya azungu ina ya akuda. Bodi inati aliyense asankhe kumene akufuna. Patatha zaka zitatu panalibe mwana wachizungu ngakhale mmodzi amene anasankha sukulu ya akuda, ndipo ana akuda 85 mwa 100 alionse anali akadali pomwe paja. Mu 1968, pa mlandu wa Green, Khoti Lalikulu linati zimenezi sizokwanira, bodi isatule katundu wake pamutu pa makolo ndi ana, ibweretse ndondomeko yoti igwire ntchito tsopano lino. A bodi yathu akawerenge chigamulo cha Green chimenecho, si chachitali. Akumbukirenso Prince Edward County, ku Virginia komweko, kumene anatseka sukulu zonse za boma kuyambira 1959 mpaka 1964, ana achizungu n'kumalandira thandizo lokaphunzirira kusukulu yapulaiveti, ana akuda ali pakhomo.

Sindikunena kuti bamboyo ndi watsankho. Mtima wake sindiudziwa. Koma ndikudziwa amene adzatsale pasukulupo basi ikachoka: ana a makolo ogwirira ntchito pakompyuta kunyumba, a magalimoto awiri pakhomo, amene angachoke pa 2 koloko masana bwana osawafunsa. Amene adzachoke ndi ana athu, ana a oyeretsa m'mahotela, a onyamula katundu m'nyumba zosungiramo malonda, a osamalira odwala. Adzabwerera kusukulu za m'dera lathu kumene pafupifupi mwana aliyense ndi wakuda kapena wolankhula Chisipanishi, ndipo pafupifupi aliyense amadya chakudya chaulere cha masana. Pakatha zaka ziwiri bodi yomweyi idzatulutsa lipoti kudabwa kuti sukulu ya magnet yasintha nkhope.

Ndipo a bodi akudziwa kuti zida zawatsalira zochepa. Mu 2007, pa milandu ya ku Seattle ndi Louisville, Khoti Lalikulu linaletsa kugawa ana m'sukulu poyang'ana khungu la mwana aliyense payekha monga ankachitira mizinda iwiriyo. Chotsala n'chiyani? Kusankha bwino malo omangapo sukulu, kudula malire a madera mwanzeru, kuitanira makolo a mbali zonse, maere, ndi basi. Mwa zochepazi mukutayanso chimodzi, chimene mwana amachikhudza ndi manja tsiku ndi tsiku.

Za ndalama musatinamize nazo. Ku Kansas City, woweruza Russell Clark atalamula mu 1985 kuti tsankho lithe m'sukulu, anawononga madola pafupifupi 2 biliyoni pa nyumba zokongola za sukulu, dziwe losambiramo lalikulu ndi zina zotero, koma ana achizungu sanabwere monga ankayembekezera, ndipo mu 1995 Khoti Lalikulu linaidula mapiko ndondomekoyo. Ku Hartford, ku Connecticut, pambuyo pa chigamulo cha Sheff v. O'Neill cha 1996 chotsutsa kupatukana kwa mitundu m'sukulu, sukulu za magnet makumi angapo zimasonkhanitsa ana a mumzinda ndi a m'matawuni ozungulira, ndipo mayendedwe ndi mbali ya dongosololo. Kumeneko nakonso mavuto alipo, makolo anafika podandaula kukhoti kuti mipando imakhala yopanda munthu ana awo ali pamndandanda wodikira. Koma palibe amene anaganiza kuti njira yothetsera vuto n'kuwasiya ana pamsewu. Ifetu sitikupempha dziwe losambiramo.

Poti ndayamba, ndinene zonse. Fomu yolembetsera maere ili pa intaneti pokha, m'Chingelezi cha maloya, ndipo tsiku lotsekera limadutsa makolo ambiri asanamve n'komwe kuti kuli sukulu zoterezi. Ine ndinamvera kutchalitchi. Masiku oonetsa sukulu amawaika pakati pa sabata 10 koloko m'mawa, nthawi imene wogwira ntchito yolipidwa pa ola sangachoke. Ukalowanso m'sukulu zina zimene zimadzitama kuti zili ndi mitundu yonse, suzumira m'makalasi: a ana otchedwa anzeru kwambiri ali ndi khungu lina, a pansi ali ndi khungu lina, amangokumana pakhonde ndi pamzere wa chakudya. Zonsezi tinkazipirira chifukwa basi yachikasu ija inkaima pakona pathu m'mawa uliwonse.

Chochita chilipo ndipo si chovuta. Ngati simungafike khomo ndi khomo, ikani malo amodzi okwererapo pasukulu ya m'dera lililonse, ife tiziwaperekeza ana mpaka pamenepo. Sinthani nthawi ya belu kuti dalaivala mmodzi azitha maulendo awiri. Akwezereni malipiro madalaivalawo, muona ngati asowenso. Ana a sekondale apatseni makhadi a basi za mumzinda. Ndipo inu makolo anzanga, kaya ndinu a ku Malawi, a ku Zambia kapena kwina kulikonse, msonkhano wa bodi ndi wa aliyense, safunsa mapepala pakhomo. Bwerani mudzalembetse dzina mulankhule. Amene muli ndi ufulu wovota, mamembala a bodi yathuyi amachita kusankhidwa, ndipo mayina a amene anavomereza kuchotsa basi ali m'kaundula wa msonkhano.

Ine kholo lokhudzidwa,
ku United States